Dziko la Dedza, Anthu Ake ndi Malire Ake

Tsiku lina m'mawa ndidalowa m'chipinda cha ana a Sitandade 8 pa sukulu imene ndiyang'anira, ndipo ndidawafunsa kuti anditchulire mafumu akulu a m'boma lathu lino la Dedza. Aliyense adatchula msanga mfumu ya kwao, ena adatchula awiri kapena atatu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene adafika pa asanu. Ana omwewo akadatha kunditchulira mizinda yaikulu ya ku Ulaya osaphonya. Sindidawadzudzule ai, pakuti mlandu sunali wao. Unali wa ife aphunzitsi ndi makolo, amene tawaonetsa za kutali ndi kuwabisira za pakhomo. Chifukwa chake ndalemba mau awa, kuti ana athu ndi akulu omwe adziwe dziko limene alimamo.

Munthu akayang'ana bwino maina a mafumu a Dedza ndi malo amene mafumuwo akhala, apeza kuti alikuwerenga mbiri ya mitundu imene idafika kuno motsatana. Mtundu uli wonse udapeza malo, chifukwa masiku amenewo dziko linali lalikulu ndipo anthu anali owerengeka. Lero anthu achuluka, koma dziko ndi lomwe lija. Imeneyi ndiyo nkhani imene ndifuna kuti tiilingalire pamodzi.

Maonekedwe a Dziko

Boma la Dedza lili m'Chigawo cha Pakati cha dziko la Malawi, ndipo kukula kwake kupitirira masikweya kilomita 3,600. Kumpoto lichita malire ndi Lilongwe ndi Salima, kumwera ndi Ntcheu, kum'mawa lifika ku nyanja ndi kukhudzana ndi Mangochi, ndipo kumwera chakumadzulo kuli dziko la Angonia la ku Mozambique. Mudzi wa pa Boma uli pa tsinde la phiri la Dedza, limene msonga yake italika mamita 2,198.

Ngakhale boma ndi limodzi, m'kati mwake muli maiko atatu osiyana. Kumadzulo ndi kumpoto kuli chidikha chachikulu chimene chipitirira mpaka ku Lilongwe, kumene kuyenda mitsinje ya Linthipe ndi Diamphwe. Kumeneko anthu alima chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Pakati pali mapiri, monga Dedza, Chongoni ndi mitunda ya ku Bembeke, kumene kuzizira kolimba m'miyezi ya June ndi July, ndipo kubala kachewere, nyemba, kabichi ndi mapichesi. Kum'mawa dziko litsetsereka mwadzidzidzi kunka ku chigwa cha kunyanja. Munthu wochoka ku Bembeke m'mawa atavala jekete, akatsika ndi mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere, afika ku Golomoti alikutuluka thukuta pakati pa milambe. Kumeneko ndi kwa mpunga, thonje ndi nsomba. Kusiyana kumeneku tikukumbukire, pakuti mtundu uli wonse umene udafika kuno udasankha malo monga mwa kusowa kwake: alimi adafuna madambo, a ng'ombe adafuna mitunda ya msipu, amalonda adafuna njira za kunyanja, ndipo othawa nkhondo adakwera m'mapiri.

Eni Dziko Oyamba

Makolo athu amati pamene ankafika m'dziko muno adapezamo anthu aafupi msinkhu, otchedwa Akafula kapena Abatwa, amene sankalima koma ankakhala ndi moyo posaka nyama ndi kufuna uchi ndi zipatso za m'thengo. Ena ankawatcha Amwandionerapati, chifukwa akakumana ndi mlendo ankamfunsa kumene wayambira kuwaona, ndipo wanzeru ankayankha kuti wawaonera kutali, kuti asawapsetse mtima. Nkhani imeneyi si nthano chabe ai. M'mapanga a m'mapiri a Chongoni muli zithunzi zofiira zimene anthu amenewa adajambula pa miyala, ndipo m'chaka cha 1972 katswiri wa zakale, J. Desmond Clark, adakumba m'phanga la ku Chentcherere napeza zida zao za miyala ndi mafupa a nyama zimene ankadya.

M'mapanga omwewo muli zithunzi zina zoyera, zimene adajambula Achewa pambuyo pake pa nkhani za chinamwali ndi za nyau. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidalemba malo 127 a zithunzi za ku Chongoni m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Koma taonani, Akafula amene adayamba kuponda dziko lino alibe mfumu, alibe mudzi, alibe malire otchedwa dzina lao. Adasakanizika ndi obwera mpaka adazimirira, natsala pa miyala pokha.

Amaravi ndi Mudzi wa Mankhamba

Mbiri ya makolo iti Achewa adachokera ku Uluba, m'dziko limene lero litchedwa Congo. Oyamba kufika anali a pfuko la Banda, amene anali odziwa za nsembe ndi kupempha mvula. Pambuyo pake kudafika a pfuko la Phiri, ndi mfumu yao Kalonga. Likulu lao lidakhazikika pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu. Ambiri a ife tapita pa Mtakataka pa basi osadziwa kuti tilikudutsa pakhomo pa ufumu umene mphamvu yake idamveka kuchokera ku chigwa cha Luangwa mpaka ku Zambezi. Mmalawi wina wophunzira za zakale, Yusuf Juwayeyi, adakumba pa Mankhamba napeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, ndipo adalongosola zimenezi m'buku lake la chaka cha 2020. Zinthuzi zitsimikiza kuti zaka 400 kapena 500 zapitazo anthu a kuno ankachita malonda ofika ku nyanja ya mchere.

Kagawidwe koyamba ka dziko lino kadachokera pa Mankhamba. Kalonga ankatuma abale ake ndi nduna zake kukakhala m'madera osiyanasiyana, ndipo iwo ankatumiza mitulo kwa iye, monga minyanga ndi zikopa za mikango ndi za anyalugwe. Undi adanka kumadzulo, Kaphwiti ndi Lundu adatsikira ku chigwa cha Shire, ndipo ena ang'onoang'ono adamwazikana m'chidikha ndi m'mapiri a kufupi. Mfumu yolandira dera inkakhala mwini dziko, ndipo yolandira mzinda inali ndi ufulu wa kuvinira anamwali ndi kukhala ndi dambwe. Mudzi unkamangidwa pa mbumba: mwamuna ankapita chikamwini kwa mkazi, minda inkatsata ana aakazi, ndipo ufumu unkalowedwa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Malire anali mitsinje, zitunda ndi mitengo yodziwika. Munthu wofuna malo ankapita kwa mwini dziko ndi nkhuku, namlozera thengo loti aswe mphanje. Kumana mlendo malo kunali kwachilendo, pakuti ulemu wa mfumu unali m'kuchuluka kwa anthu ake, ndipo thengo linali losatha.

M'kupita kwa zaka mafumu a kutali adaleka kutumiza mitulo, nayamba kuchita okha malonda ndi alendo. Motero pamene adani adafika, adapeza Achewa ali m'timaufumu tambiri tosagwirizana.

Ayao ndi Angoni

Pakati pa zaka za m'ma 1800 kudafika mitundu iwiri imene idasintha dziko lino. Ayao adachokera kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Mozambique, ena pothawa nkhondo ndi njala, ena potsata malonda. Ankabwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, nagula minyanga ndi akapolo. Poyamba adalandiridwa monga alendo, koma pokhala ndi mfuti adakula mphamvu kuposa owalandira. Kalonga wotsiriza wa pa Mankhamba, Sosola, adafa m'nkhondo za Ayao cha m'ma 1860, ndipo ufumu wa pamenepo udatha. Mfumu ya Chiyao, Tambala, idakhazikika m'mapiri a kumpoto chakum'mawa, oyang'ana njira zotsikira kunyanja, ndipo ndi Ayao chipembedzo cha Chisilamu chidalowa m'boma lino.

Angoni a kwa Maseko adachokera kumwera kwa Africa pa nthawi ya nkhondo za Shaka. Ataoloka Zambezi adakhala kanthawi pa phiri la Domwe, kenaka adapitirira ndi mfumu yao Mputa mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mputa atafa kumeneko, mbale wake Chidyaonga adabwerera nao anthu, nakhazikikanso pa Domwe cha m'ma 1870. Kuchokera pamenepo magulu ao a nkhondo ankathira midzi ya Achewa chaka ndi chaka. Ena adathawira pamwamba pa mapiri, ena adamanga malinga, ndipo ambiri adagwidwa nasanduka anthu a Angoni. Koma apa padachitika chinthu chodabwitsa. Angoni adakwatira akazi a Chichewa, ndipo ana adakula alikuyankhula chinenero cha amai ao. Ogonjetsa ndi mikondo adagonja pa chiyankhulo, kotero kuti lero Chingoni chimveka m'nyimbo za ngoma ndi m'maina a mafuko, koma pa mtondo ndi pa bwalo onse ayankhula Chichewa.

Chidyaonga atamwalira, ufumu udapita kwa Chikusi, mwana wa Mputa. Koma Chifisi, mwana wa Chidyaonga, sadakondwe nazo, ndipo mtundu udagawika pawiri. Onse awiri adamwalira m'chaka cha 1891, nasiyira mkanganowo ana ao, Gomani mwana wa Chikusi ndi Kachindamoto mwana wa Chifisi. Atamenyana nkhondo zoopsa, Kachindamoto adatsika ku mapiri ndi anthu ake nakakhala ku Mtakataka. Ndicho chifukwa chake lero mfumu ya Chingoni ilamulira dera lomwe lija limene linali likulu la Kalonga.

Kudza kwa Azungu ndi Malire Olembedwa

M'chaka cha 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwao, ndipo m'mwezi wa June chaka chomwecho adapangana za malire ndi Apwitikizi. Pangano lao lidatsata madzi: kumene mvula ikagwa iyenderera kunka ku nyanja yathu kudakhala kwa Angerezi, ndipo kumene iyenderera kumadzulo kunka ku Zambezi kudakhala kwa Apwitikizi. Opanganawo anali ku Ulaya, ndipo sadafunse munthu wa kuno ndi mmodzi yemwe. Phiri la Domwe lidatsalira kwa Apwitikizi, ndipo Angoni ndi Achewa a mbumba imodzi adapezeka ali m'maiko awiri. Woyenda pa mseu waukulu wochoka ku Dedza kunka ku Ntcheu aona yekha zimenezi, pakuti m'malo ambiri mseuwo ndiwo malire: dzanja lina Malawi, dzanja lina Mozambique, koma maliro ndi maukwati anthu achitira pamodzi.

Pa 27 October 1896 asilikali a boma la Angerezi adapha Gomani, ndipo m'zaka zomwezo adathyola mphamvu ya Tambala ndi ya mafumu ena ogulitsa akapolo. Azungu adamanga boma pa tsinde la phiri la Dedza, ndipo dziko lino pamodzi ndi la Lilongwe adalitcha Central Angoniland, ngakhale kuti ochuluka m'menemo anali Achewa. Tiyenera kuvomera kuti nkhondo ndi ukapolo zidatha, ndipo anthu adatsika m'mapiri nayambanso kulima m'madambo mopanda mantha. Koma boma latsopano lidafuna msonkho wa nyumba, ndipo kuti msonkho utoleredwe kudafunika kulemba midzi, kuwerenga nyumba, ndi kudziwa kuti mudzi uli wonse uli pansi pa yani.

Lamulo la chaka cha 1912 lidaika mafumu ena kukhala akulu oyang'anira anzao m'malo mwa boma. Malamulo a chaka cha 1933 adawapatsa mabwalo a milandu ndi mphamvu ya kuika malamulo ang'onoang'ono m'madera ao. Posankha mafumu amenewa Azungu kawirikawiri ankatsata amene adawapeza ali ndi mphamvu pa nthawi imene iwo ankafika. Motero eni dziko ena akale a Chichewa adapezeka ali pansi pa mafumu a Chingoni kapena a Chiyao, ndipo madandaulo a zimenezi sadathe msanga. Chachikulu ndi ichi: malire amene kale ankasuntha monga mwa mphamvu ya mfumu ndi kuyenda kwa anthu, tsopano adalembedwa pa pepala naima chilili.

Mishoni, Njanji ndi Sukulu

M'chaka cha 1902 ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers adamanga mishoni pa Mua, m'dziko la Kachindamoto, ndipo m'chaka cha 1910 adatsegula ina pa Bembeke. A mishoni ya Dutch, amene mpingo wao lero uli m'Sinodi ya Nkhoma, adakhazikika pa Mphunzi. Mishoni zimenezi zidabweretsa sukulu ndi zipatala, ngakhale kuti padali kulimbana kwa zaka zambiri pakati pa sukulu ndi dambwe pa nkhani ya ana aamuna. Mwana wa dera la Mua, Cornelius Chitsulo, adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1937, woyamba mwa anthu a dziko lino mu mpingo wa Katolika, ndipo m'chaka cha 1957 adadzozedwa kukhala bishopu woyamba wa Chimalawi, mpando wake uli m'Dedza. Pa Mua pomwepo, m'chaka cha 1976, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni, osungirako miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, mitundu itatu ya boma lino.

Njanji yochoka ku Blantyre kunka ku Salima idatha kumangidwa m'chaka cha 1935, ndipo idadzera ku Golomoti ndi ku Mtakataka. M'chaka cha 1951 boma lidatsegula sukulu ya sekondale ya Dedza, imene inali yachitatu m'dziko muno, kutsatira ya Blantyre ndi ya Zomba. Ndipo anyamata ochokera m'zigawo zonse adadzaphunzira m'chisanu cha kuno.

Zigawo za Boma Lino

Tsono tifike pa funso lija ndidafunsa ana. Mafumu akulu amene maina ao akhala akudziwika m'mabuku a kalembera wa boma lino alipo 8. Kunyanja, ku Mtakataka, ku Mua ndi ku Golomoti, kuli Kachindamoto. Ku mitunda ya Bembeke kuli Kamenyagwaza. Kufupi ndi pa Boma kuli Kasumbu. M'mapiri a kumpoto chakum'mawa muli Tambala, ndipo chakumpoto kuli Chauma. Ku Linthipe kuli Kaphuka. Kumadzulo kuli Kachere, ndipo kupitirira apo, cha ku malire a Lilongwe, kuli Chilikumwendo. Wowerenga amene watsata mbiri ili pamwambayi aona kuti maina amenewa sadangogwa ngati mvula. Kaphuka atikumbutsa Achewa a m'chidikha. Tambala atikumbutsa Ayao ndi njira za malonda. Kachindamoto, Kamenyagwaza ndi Kachere atikumbutsa Angoni ochokera ku Domwe.

Pansi pa mfumu yaikulu pali magulupu, ndipo pansi pa gulupu pali nyakwawa, imene idziwa munda uli wonse ndi manda ali onse a m'mudzi mwake. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, lamulo la mafumu la chaka cha 1967 lidasunga makwerero amenewa, nkupatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu ya kuvomereza ndi kukweza mafumu. Pa za mwambo, Angoni a kuno ayang'ana kwa Inkosi ya Makosi Gomani ku Ntcheu, ndipo Achewa apita kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'dziko la Zambia.

Wina angayese kuti ufumu ndi chinthu chakale chopanda ntchito lero. Ameneyo akumbukire Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adalowa ufumu m'chaka cha 2003 namwalira m'chaka cha 2025. Mai ameneyu adathetsa maukwati ambirimbiri a ana aang'ono m'dera lake, nabwezera anawo ku sukulu, ndipo sadaope kuimitsa nyakwawa zolekerera mchitidwewo. Mbiri yake idamveka kunja kwa dziko lino. Ife aphunzitsi tidziwa kuti mau a mfumu afika kumene kalata ya ku ofesi siifika.

Pamwamba pa malire a mafumu, boma laikapo malire ena. Pali Bwanamkubwa wa boma, amene anthu amtchabe DC, ndi Khonsolo imene lamulo la chaka cha 1998 lidaipatsa ntchito za sukulu, zipatala, misika ndi miseu ya m'midzi. M'Khonsolomo mukhala makhansala osankhidwa m'mawodi. Pali madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo: pa zisankho za kuyambira 1999 mpaka 2019 Dedza anali ndi aphungu 8 mwa 193 a dziko lonse, ndipo pofika chisankho cha 2025 malire adadulidwanso, mipando ya dziko lonse nikwana 229. Alangizi a ulimi nawo adagawa boma lino m'madera 10, ndiwo Bembeke, Chafumbwa, Golomoti, Kabwazi, Kanyama, Kaphuka, Linthipe, Lobi, Mayani ndi Mtakataka. Motero mudzi umodzi ukhala m'kati mwa malire anai kapena asanu, ndipo malirewo salingana nthawi zonse. Munthu wosadziwa zimenezi ataya masiku alikugogoda pa khomo losayenera: apita kwa phungu ndi mlandu wa munda, umene uli wa nyakwawa, kapena apita kwa nyakwawa ndi nkhani ya mlatho, imene ili ya Khonsolo.

Chiwerengero cha Anthu

Kalembera wa chaka cha 1977 adapeza anthu 298,190 m'boma la Dedza. Wa 1987 adapeza 411,787. Wa 1998 adapeza 486,682. Wa 2008 adapeza 624,445. Ndipo wa 2018 adapeza 830,512, mwa anthu 17,563,749 a dziko lonse. Ochuluka mwa iwo ndi Achewa, ndipo Angoni ndi Ayao atsatira. Okhala m'tauni ya pa Boma m'chaka cha 2018 anali pafupifupi 31,000 okha. Otsala onse, kunena kwake oposa 96 mwa anthu 100 ali onse, anali a m'midzi ndi m'timisika ta m'mbali mwa miseu, ndipo ambiri a iwo chakudya chao chichokera m'khasu.

Wowerenga aone kuti pakati pa 1977 ndi 1987 chiwerengero chidalumpha kwambiri. Chifukwa china chinali nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira chaka cha 1986 anthu zikwizikwi a ku Angonia adaoloka malire aja a 1891, nadzakhala pakati pa abale ao kuno. Ine ndinali mwana masiku amenewo, ndipo ndikumbukira anzathu amene tinkakhala nao pansi m'kalasi, oyankhula monga ife, koma owerenga manambala m'Chipwitikizi. Makolo athu adawabwereka minda ndi malo omangapo, monga momwe eni dziko akale ankachitira. Mtendere utapanganidwa m'chaka cha 1992, ambiri adabwerera kwao. Koma ngakhale iwo adachoka, chiwerengero sichidatsike. Katemera ndi zipatala zachepetsa imfa za ana, chimene tiyenera kuthokoza, ndipo mabanja akhalabe akulu. M'zaka 31 zokha, kuchokera 1987 kufika 2018, anthu adachuluka kawiri.

Tiyeni tiwerenge monga tichitira pa bolodi. M'chaka cha 1977 pa sikweya kilomita imodzi pankakhala anthu ngati 80. M'chaka cha 2018 pankakhala oposa 220. Ndipo tisaiwale kuti m'kuwerenga kumeneku talowetsamo matanthwe, matsitso a mapiri ndi nkhalango za boma monga za Chongoni, Dedza ndi Mua-Livulezi, m'mene khasu sililoledwa kapena silingalowe. Kale amuna ambiri ankapita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ena osabwerako, amene tinkawatcha machona. Koma ulendo wa Wenela udaimitsidwa m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndipo sudabwererenso mwakale.

Za manambala zikhoza kuoneka zakutali, koma pakhomo zioneka poyera. Munda umene agogo anga aakazi ankalima okha, nasiyako mbali ina kuti igonere tsala, udagawidwa kwa ana ao aakazi, ndipo iwonso agawira ana ao. Lero pa munda womwe uja padya mabanja ambiri, tsala palibe, ndipo nthaka siibala popanda feteleza. Anyamata osowa polima akwera m'matsitso kumene makolo sankalimako, ena atentha makala, ndipo mvula ikagwa madzi atsika ofiira kunka kunyanja, atanyamula chakudya cha adzukulu athu. Pa mabwalo a nyakwawa milandu yochuluka ndi ya malire a minda, ndipo otsutsanawo kawirikawiri ndi ana a mimba imodzi. Ku sukulu nako, chiyambire maphunziro aulere a pulaimale m'chaka cha 1994, ana adzaza zipinda mpaka ena aphunzirira pansi pa mitengo.

Mau Otsiriza

Taona kuti dziko la Dedza lidalandira Achewa pamene panali Akafula, lidalandira Ayao ndi Angoni pamene panali Achewa, lidalandiranso othawa nkhondo m'masiku athu ano. Mitundu imene idalasana ndi mikondo lero ikwatirana, igulitsana kachewere pa msika wa Bembeke ndi pa Chimbiya, ndipo ana ao akhala pa benchi limodzi. Chimene chidathandiza makolo athu kukhalirana chinali thengo. Wokangana ndi mbale wake ankasamuka nakaswa mphanje kwina. Ife thengo limenelo tilibe, ndipo tiyenera kupeza ndi nzeru chimene iwo ankachipeza ndi nkhwangwa.

Choyamba, tifunse akulu akali moyo za malire a midzi ndi a minda, ndi za m'mene mudzi uli wonse udafikira pamene uli, ndipo tizilembe, pakuti mau a akulu akoma akagonera, koma mwini mau akapita osawasiya, otsala angolozerana zala. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lilola mabanja kulembetsa minda yao. Koma kulembetsa kopanda mbiri yoona kungobala milandu ina. Chachiwiri, munda wochepa tiusamale monga mwana mmodzi yekha: mizere yopingasa pa matsitso, manyowa, mitengo m'malire, ndi kuthirira m'chilimwe monga achitira alimi a mpunga a ku Bwanje ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe. Chachitatu, ana athu, makamaka aakazi, akhale pa sukulu mpaka atakhwima, kuti ena adzadye za luso la manja ndi la mutu, ndi kuti adzabale ana amene angathe kuwalera.

Ana anga aja a Sitandade 8 ndidawatuma kuti akafunse kwao dzina la nyakwawa, la gulupu ndi la mfumu yaikulu, ndiponso kumene makolo a mudzi wao adachokera. Adabwera ndi nkhani zambiri zoposa zimene ndalemba muno: wina agogo ake adatsika ku Domwe, wina adachokera kunyanja, wina adati a kwao sadachoke pa phiri lao chiyambire. Tidazilemba m'kope limene tisunga mu ofesi ya sukulu. Ndipempha aphunzitsi anzanga a m'zigawo zonse za boma lino kuti achite chimodzimodzi, akulu odziwa zimenezi asanathe.